Kodi Batani la pa Foni Lili ndi Mwini Wake?

Pulogalamu iliyonse ya pa foni kapena pa kompyuta ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi yobisika: mizere ya malangizo, imene akatswiri amati khodi, youza makina zochita. Yachiwiri ndi imene munthu amaiona ndi maso n'kuikhudza ndi chala: mabatani, tizithunzi toimira ntchito zosiyanasiyana, mndandanda wa zosankha, ndi kayendetsedwe ka chala pa sikirini. Mbali yachiwiriyi ndiyo nkhope ya pulogalamu, imene pa Chingerezi amati user interface. Kwa zaka zoposa 35 makampani akuluakulu akhala akukokerana kukhoti pa funso limodzi: kodi nkhope imeneyi ingakhale chuma cha mmodzi, choti wina aliyense wofuna kupanga yofanana nayo ayambe walipira?

Funsoli limamveka ngati la kutsidya kwa nyanja, koma mizu yake imafika mpaka m'komboni ya Nabvutika ku Chipata. M'mbali mwa njira za kumeneko muli timabuthi tofiira ndi tachikasu, ta Airtel Money ndi MTN MoMo, pamene anthu amaika ndi kutapa ndalama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Makasitomala ake ndi amayi ogulitsa tomato, repu ndi kapenta, anyamata onyamula anthu pa njinga, ndi agogo amene ana awo amawatumizira kangachepe kuchokera ku Lusaka kapena ku migodi. Foni zambiri ndi za mabatani, zina manambala ake anafufutika kalekale. Munthu amadina *115#, pa sikirini pamatuluka mndandanda wa Chingerezi, iye n'kusankha nambala, kenaka ina, kenaka kulemba kuchuluka kwa ndalama, pomaliza nambala yachinsinsi, dzanja linalo litaphimba foni. Agogo ambiri sawerenga mawu otulukawo. Chala chachikulu ndicho chinaloweza njira, monga phazi limalowezera njira ya kuchigayo ngakhale kuli mdima. Mdzukulu anawaonetsa kawiri katatu, basi. Mndandandawo ukasinthidwa, nambala imene inali yotumizira ndalama n'kukhala ya zina, agogo aja amabwerera pachiyambi, ndipo ena amafika popereka foni pamodzi ndi nambala yachinsinsi kwa munthu wosamudziwa kuti awathandize. Nkhope ya pulogalamu ikazolowereka imasanduka gawo la luso la woigwiritsa ntchito, ndipo mkangano wonse wagona pamenepo.

Patenti ndi chikalata chimene boma limapereka kwa munthu amene watulukira chinthu chatsopano. Ndi pangano la kusinthana. Wotulukirayo amaulula poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito, ndipo boma limamupatsa mphamvu yoletsa ena kuchipanga, kuchigulitsa kapena kuchiitanitsa kuchokera kunja kwa zaka 20. Zakazo zikatha, chimakhala cha aliyense. Kuti patenti iperekedwe, chinthucho chiyenera kukhala chatsopano padziko lonse, chisakhale choti mmisiri aliyense wa ntchitoyo akanachiganiza mosavuta, ndiponso chikhale chotheka kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito. Wosula mbaula pa msika wa Kapata atapeza njira yolowetsera mphepo imene sinaonekepo kwina kulikonse, yoti makala azitha pang'onopang'ono, njirayo ikhoza kulandira patenti. Mbaula payokha siingalandire, chifukwa ndi yakale.

Anthu ambiri amasokoneza patenti ndi lamulo loteteza zolemba, nyimbo ndi zojambula, lija lotchedwa kopiraiti. Kopiraiti imateteza kalembedwe, osati ganizo, ndipo imayamba yokha munthu akangomaliza kulemba. Akatswiri awiri atalemba aliyense khodi yake yochita ntchito imodzi, palibe amene walakwira mnzake. Patenti ndi yolusa kuposa pamenepo. Imatchinga njira yeniyeniyo, kotero wachiwiri amapezeka wolakwa ngakhale sanaonepo ntchito ya woyambayo, ngakhale dzina lake sanalimvepo. Palinso malamulo ena awiri oyandikana nawo: loteteza dzina ndi chizindikiro cha malonda, ndi loteteza maonekedwe a katundu, monga kaumbidwe ka botolo. Ku America chitetezo cha maonekedwechi nachonso amachitcha patenti.

Zambiri zimene anthu amaona pa sikirini lero sizinabadwire m'nyumba imodzi. Douglas Engelbart anaonetsa mausi ya kompyuta pamaso pa anthu ku San Francisco pa 9 Disembala 1968. Patenti yake inatuluka mu 1970 n'kutha mphamvu mausi isanafike m'nyumba zambiri, ndipo iye sanalemere nayo. Ofufuza a kampani ya Xerox ku Palo Alto anapanga kompyuta ya Alto mu 1973, yokhala ndi mawindo pa sikirini ndi mausi yolozera. Steve Jobs anakaziona mu 1979, ndipo mu 1984 Apple inatulutsa Macintosh. Microsoft itatulutsa Windows yokhala ndi mawindo osanjikizana, Apple inaisumira mu 1988 ponena kuti yaba maonekedwe ndi kakomedwe ka pulogalamu yake. Inatchula zinthu 189 zimene inati zinakoperedwa. Khoti linapeza kuti 179 mwa izo Apple yomweyo inali italoleza Microsoft kuzigwiritsa ntchito pa pangano la mu 1985, ndipo zambiri mwa zotsalazo zinali maganizo wamba amene kopiraiti siteteza. Apple inagonja pa apilo mu 1994. Mlanduwu uli mkati, Xerox nayo inasumira Apple mu 1989 ponena kuti maganizowo anali ake poyamba, koma dandaulo lake silinapite patali.

Mlandu wina wa nthawi yomweyo ndi woyandikana kwambiri ndi za ku Nabvutika. Kampani ya Lotus inali ndi pulogalamu yotchuka yowerengera ndalama, Lotus 1-2-3. Borland itapanga yake, Quattro Pro, inalemba khodi yakeyake, koma inaikamonso mndandanda wa zosankha wofanana ndi wa Lotus kuti amene anazolowera kale asavutike kusamuka. Lotus inasuma mu 1990. Mu 1995 khoti la apilo linagamula kuti mndandanda wotere ndi njira yoyendetsera makina, ngati mabatani a pa makina oonetsera matepi a kanema, ndipo kopiraiti siingautchinge. Mmodzi mwa oweruzawo anaonjezera mfundo imene ikadali yolemera mpaka lero, yakuti nthawi ndi khama lophunzirira mndandanda zinachokera kwa ogwiritsa ntchito, kotero si bwino kuwasandutsa akapolo a kampani imodzi chifukwa cha zimene anaphunzira okha. Khoti lalikulu la America linagawikana pakati mu 1996, oweruza anayi uku anayi uko, ndipo chigamulocho chinakhala momwemo.

Khomo la kopiraiti litatsekeka motero, makampani anatembenukira ku patenti. Mu 1998 khoti lina la apilo ku America, pa mlandu wa State Street Bank, linavomereza kuti njira yochitira malonda pa kompyuta ikhoza kulandira patenti, ndipo zopempha zinasefukira. Mu Seputembala 1999 Amazon inalandira patenti ya kugula katundu pa intaneti podina kamodzi kokha, makina atasunga kale adiresi ndi njira yolipirira ya wogulayo. Pasanathe mwezi inasumira mnzake wogulitsa mabuku, Barnes & Noble, ndipo khoti linaletsa kampaniyo kugwiritsa ntchito njira yotero m'nyengo ya malonda a Khirisimasi. Barnes & Noble inachita kuonjezera batani lachiwiri lotsimikizira. Apa ndi pamene anthu ambiri anaonera vuto: pulogalamu inapangidwa kukhala yovutirako dala, osati chifukwa cha luso, koma kuopa mlandu. Apple inasankha kulipira Amazon mu 2000. Ofesi ya patenti ya ku Ulaya inakana pempho la Amazon lofanana nalo, ndipo ku America patentiyo inatha mu 2017.

Nkhondo yaikulu koposa inali ya Apple ndi Samsung, imene inayamba mu Epulo 2011 n'kufalikira m'makhoti a mayiko angapo. Mwa zimene ankalimbirana munali kadumphidwe ka mndandanda ukafika kumapeto, kukulitsa chithunzi podina kawiri, nkhope yakuda ya makona ozungulira, ndi tizithunzi tamitundumitundu tofoledwa m'mizere pa sikirini. Mu Ogasiti 2012 khoti la ku California linalamula Samsung kulipira madola oposa 1 biliyoni. Ndalamazo zinatsika ndi kukwera pa apilo. Khoti lalikulu linanena mu Disembala 2016 kuti wophwanya patenti ya maonekedwe sikuti nthawi zonse azilandidwa phindu la foni yonse chifukwa cha kachigawo kamodzi, ndipo mu Meyi 2018 chiwerengero chinaima pa madola 539 miliyoni. Mwezi wotsatira makampani awiriwa anamvana kunja kwa khoti, patatha zaka zisanu ndi ziwiri.

Chitsanzo chosavuta kumva pa milandu imeneyi ndi cha kutsekula foni pokoka chala chopingasa pa sikirini. Apple inali ndi patenti yake, ndipo ku America inali imodzi mwa zimene Samsung inapezeka nazo yolakwa pa mlandu wachiwiri wa mu 2014. Ku Germany zinayenda mosiyana. Khoti lalikulu la kumeneko linafafaniza patentiyo mu Ogasiti 2015, chifukwa foni ina ya ku Sweden, Neonode N1m, inali kale ndi katsekulidwe kotero iPhone isanabadwe, ndipo kuonjezerapo kachithunzi koyenda ndi chala sikunali kutulukira kwa luso. Aliyense amene anakokapo mpiringidzo wa chitseko amaudziwa mchitidwe umenewu. Chinthu chimodzi chinali chuma cha munthu m'dziko lina n'kukhala cha aliyense m'dziko linzake.

Oikira kumbuyo patenti ali ndi mfundo zosayenera kuzinyoza. Nkhope yosavuta kugwiritsa ntchito ndi yovuta kupanga. Pamafunika miyezi kapena zaka zoyesa, kutaya ndi kuyambiranso, ndipo chinthu chikatuluka aliyense amati chinali chodziwikiratu, ataona kale yankho. Khodi ikhoza kubisidwa, koma nkhope ili poyera, ndipo wopikisana naye akhoza kuikopera m'masabata ochepa osatayapo ndalama za kafukufuku. Iwo amatinso kampani yaing'ono yokhala ndi patenti imakhala ndi cholankhulira pamaso pa yaikulu ndiponso pamaso pa ofuna kuikamo ndalama.

Komabe zimene zachitika m'zaka zapitazi zalimbitsa mbali ya otsutsa. Zaka 20 zinayezedwa poganizira makina a m'fakitale ndi mankhwala, pamene kutulukira chinthu chimodzi kumadya chuma chambiri. Pa mapulogalamu zaka 20 ndi moyo wonse wa mtundu wa foni, mwinanso mitundu ingapo. Patenti zakenso zachuluka moti palibe angathe kuziwerenga. Mu 2011 kampani ya RPX inayerekezera kuti ku America kokha patenti zokhudza foni zamakono zinali pafupifupi 250,000. Wolemba pulogalamu ali ngati munthu wolima munda umene malire ake anakwiriridwa pansi: amangodziwa kuti walumpha malire kalata ya loya ikafika. Mu 2011 momwemo kampani ya Lodsys, imene sinkapanga foni kapena pulogalamu, inatumiza makalata ofuna malipiro kwa opanga mapulogalamu ang'onoang'ono chifukwa cha batani logulira zinthu mkati mwa pulogalamu. Ambiri mwa iwo analibe ndalama zolimbanira kukhoti. Ndipo phindu lenileni la nkhope yabwino limabwera ikafanana paliponse. Mabuleki a njinga ali pa chogwirira, kaya njingayo inapangidwa ku India kapena ku China, n'chifukwa chake mnyamata wa ku Chipata amatha kubwereka ya mnzake n'kunyamula munthu osaphunziranso. Richard Stallman ndi anzake anayambitsa bungwe la League for Programming Freedom mu 1989 polimbana ndi umwini wa nkhope za mapulogalamu pa zifukwa zonga zomwezi.

Mayiko sanayankhe mofanana. Pangano la patenti la ku Ulaya silivomereza pulogalamu ya kompyuta payokha kapena kaonetsedwe ka uthenga, ngakhale ofesi yake imapereka patenti ngati pulogalamuyo ikuthetsa vuto la luso la makina. Mu Julayi 2005 nyumba ya malamulo ya Ulaya inakana bilu yokhudza patenti za mapulogalamu ndi mavoti 648 kwa 14. New Zealand inachotsa mapulogalamu paokha m'lamulo lake la 2013. Ku America, khoti lalikulu linagamula mu 2014, pa mlandu wa Alice ndi CLS Bank, kuti kutenga ganizo wamba n'kungoti lichitikire pa kompyuta sikukwanira, ndipo patenti zambiri zinagwa pambuyo pake. Makampani ena anadziletsa okha. Njira yokokera sikirini pansi kuti uthenga watsopano ubwere inapangidwa ndi Loren Brichter mu 2009. Twitter inalandira patenti yake mu 2013, koma inalonjeza kuigwiritsa ntchito podziteteza pokha, ndipo lero njirayi ili m'mapulogalamu ambiri a pa foni.

Ku Zambia nkhani za patenti zili m'manja mwa PACRA, bungwe lomwe lija anthu amalidziwa polembetsa mayina a mabizinesi. Lamulo la patenti nambala 40 la chaka cha 2016 limaika mapulogalamu a kompyuta, kaonetsedwe ka uthenga ndi njira zochitira malonda m'gulu la zinthu zosalandira patenti. Khodi imatetezedwa ndi lamulo la kopiraiti la 1994, ndipo maonekedwe a katundu ali ndi lamulo lawo, nambala 22 la 2016. Zambia ndi Malawi onse ndi mamembala a ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za umwini wa luso, limene pangano lolikhazikitsa linasainidwa ku Lusaka pa 9 Disembala 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Kudzera m'pangano la Harare la 1982, munthu akhoza kupempha patenti kamodzi n'kutchula mayiko angapo, koma dziko lililonse lili ndi ufulu wokana ngati lamulo lake silikulola. Patenti imathera m'malire a dziko limene inaperekedwa: ya ku America ilibe mphamvu ku Chipata kapena ku Mchinji. Pa mfundo imeneyi lamulo la Zambia linasankha bwino, ndipo aphungu asalole kulifewetsa pamene mapangano a malonda ndi mayiko olemera akukambidwa. Dziko limene opanga mapulogalamu ake akadali ochepa lingapindule pang'ono ndi patenti zotere, pamene zopempha zambiri zingachokere kunja.

Izi sizitanthauza kuti Nabvutika ali kunja kwa nkhaniyi. Foni sapangira dziko limodzi. Wopanga akachotsa kachitidwe kena kuopa mlandu ku America, kawirikawiri kamachoka pa foni zopita kulikonse, ndipo ndalama zolipira eni patenti zimalowa mu mtengo. Zikalata za kukhoti zinaonetsa kuti mu 2013 mokha Samsung inalipira Microsoft madola oposa 1 biliyoni chifukwa cha patenti zokhudza foni za Android. Kampani ya Transsion, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix zodzaza m'mashopu a ku Chipata, nayo inasumiridwa ndi Qualcomm ku India mu 2024 pa nkhani za patenti. Wachinyamata wa ku Zambia akaika pulogalamu yake pa msika wa Google kapena wa Apple kuti igulidwe ku America, walowa pansi pa malamulo a kumeneko ngakhale ali ku Kalongwezi.

Kukana patenti pa batani sikuthetsa dandaulo la munthu wamng'ono amene ganizo lake lalemeretsa ena. Pa zimenezi nkhani yapafupi ndi ya "Please Call Me", kauthenga kaulere kopempha mnzako kuti akuimbire, kamene aliyense wothedwa thokutaimu amakadziwa. Nkosana Makate anali wophunzira ntchito ya akaunti ku Vodacom ku South Africa pamene analemba ganizoli mu Novembala 2000, chifukwa chibwenzi chake, chimene chinali pa sukulu kutali, nthawi zambiri chinkasowa ndalama zoimbira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vodacom inayamba kugwiritsa ntchito njirayi mu 2001, nthawi imene MTN inali italembetsa kale patenti ya njira yofanana nayo, yotulukiridwa ndi Ari Kahn. Makate analibe patenti, ndipo pangano lake ndi mkulu wina wa kampaniyo linali la pakamwa. Anasuma mu 2008, anagonja m'makhoti aang'ono, kufikira khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu Epulo 2016 kuti panganolo linalipodi ndipo Vodacom ikambirane naye za malipiro. Kampaniyo inatchula marandi 47 miliyoni, iye anakana, ndipo kukokanako kunapitirira zaka zina zambiri. Chimene chinamupulumutsa si umwini wa ganizo, koma umboni wakuti analonjezedwa. Lonjezolo likanakhala pa pepala, zaka zambiri za moyo wake sizikanathera m'makhonde a khoti.

Wachinyamata wa ku Nabvutika, Mchini kapena Magazine amene akulemba pulogalamu, kaya yosungira kaundula wa chilimba, kaya yolumikiza alimi a mtedza ndi ogula, ali ndi ufulu pansi pa lamulo la Zambia wotengera mndandanda ndi mabatani amene anthu anazolowera kale, ndipo ndi bwino atero, makamaka akawalemba m'Chinyanja. Chimene sayenera kukopera ndi khodi, zithunzi, dzina ndi chizindikiro cha wina. Zake azisunge ndi madeti ake, dzina la pulogalamu yake akalilembetse ku PACRA ngati chizindikiro cha malonda, ndipo asanafotokozere kampani iliyonse ganizo lake, ayambe wasainirana nayo pangano lolembedwa lonena zimene adzalandire.